Sitima ya Achimwene Itasowa pa Mapu

Chaka chimene ndinali Fomu 3 ndinkalemba m'kabuku ka chikuto chobiriwira tsiku lililonse ndikaweruka. Ndinkalemba m'Chichewa dala. Kusukulu ndi mumsewu mwathu ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, tonse timayankhula Chishona, ndipo ndinkadziwa kuti kabukuko katagwa m'chikwama, anzanga angowerenga mizere iwiri n'kutopa. Ndikakatsegula lero ndimapeza kuti masamba ambiri alibe deti pamwamba. Ali ndi manambala awiri aataliatali osonyeza malo pa mapu. Amenewo anali malo amene achimwene anga anali panyanja.

Kwathu tinabadwa awiri, iwo ndi ine. Ntchito itasowa ku Kadoma, achimwene anapita ku Joni, natsikira mpaka ku Cape Town. Kumeneko anatsuka magalimoto kwa miyezi ingapo, kenako munthu wina anawapezera malo m'sitima yopha nsomba ya anthu akunja. Tsiku lonyamuka anatumiza uthenga wa mawu pa foni ya amayi. Kumbuyo kwawo kunkamveka mphepo ndi zitsulo zikugundana.

"Amayi, musade nkhawa mukapanda kundimva, pakati pa madzi palibe foni. Mupatseni profesa wanuyo dzina la sitimayi ndi nambala yake, aike pa tsamba lija loonetsa sitima zonse. Muzindiona pamenepo ndikuyenda. Iwe profesa, osamangodya buku, uziwathandiza amayi kumsika."

Ndinalipeza tsambalo. Sitima iliyonse yaikulu imakhala ndi kachipangizo kolengeza pamene ili, ndipo pa foni imaoneka ngati kamuvi kakang'ono pamwamba pa mapu. Kathu kanali kachikasu. Amayi amagulitsa tomato ndi matemba kumsika, ndiye akafika madzulo asanavule n'komwe duku ankafunsa kuti, "Ali pati lero?" Ine ndinkakulitsa mapu ndi zala ziwiri n'kuwaonetsa. Ankakhudza kamuviko ndi chala chonunkhira masamba a tomato, galasi la foni n'kutsala ndi chizindikiro. Tonse awiri sitinaionepo nyanja. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a damu la kunja kwa tauni, limene tsidya lake limaoneka bwinobwino. Ndinkaganiza kuti nyanja ndi damu lomwelo koma lotalikirapo.

Kamuvi kanayenda miyezi itatu. Kanakwera m'mphepete mwa dziko mpaka kufupi ndi madzi a pakati pa Mozambiki ndi Madagascar. Ndinkalemba manambala ake tsiku lililonse ngati ntchito ya kusukulu.

Lachiwiri lina kanaima. Pansi pake panalembedwa kuti kanaoneka komaliza dzulo lake. Amayi ndinawauza kuti ndi vuto la intaneti. Lachitatu ndinanena zomwezo. Lachinayi kamuvi kanafwifwa, ndipo Loweruka kanachokeratu, pa mapu n'kungotsala mtundu wa buluu wokhawokha. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, ndinabwereka ya aneba, ndinalemba dzina la sitima chilembo chimodzichimodzi. Palibe chinabwera. Amayi anayang'ana buluuyo nthawi yaitali, kenako anapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale.

Kuti mumvetse mantha athu ndiyenera kunena za abambo. Ndili Giredi 4, abambo ankakumba golide cha kumtsinje wa Muzvezve pamodzi ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Anali makorokoza, monga amatchulira kuno anthu okumba paokha. Mvula itagwa, dzenje linagumukira abambo ali pansi. Amene anali pamwamba ankawamva akugogoda paipi ndi mwala. Anagogoda masiku awiri, anzawo akukumba. Tsiku lachitatu paipi inakhala chete. Thupi silinatuluke. Kumanda tinaika thunthu la nthochi lokulungidwa m'bulangete lawo, monga amachitira anthu akwathu munthu akafera kosapezeka. Choncho m'nyumba mwathu munthu akasiya kumveka, tinkadziwa tanthauzo lake popanda wotiuza.

Sabata yachitatu amalume anabwera kuchokera ku Chegutu kumene amakhala akakhala kuti sali kumaenje. Anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pampando pakhonde, chipewa chili pabondo, nsapato zili ndi dothi lofiira. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko ndikusankha nyemba.

"Achemwali," anatero, "ine sindinabwere kudzakupwetekani. Koma masiku apita angati?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri," ndinayankha ine.

"Sindikufunsa iwe, muzukuru," anatero, monga amaitanira mwana wa mlongo wako m'Chishona. Anatembenukiranso kwa amayi. "Munthu akamagogoda timakumba. Akasiya, inu mukudziwa. Pamenepa chinthu chimene chinkagogoda chasiya. Sitima yonse yachitsulo singangosowa ngati nkhuku yolowa m'chimanga. Yamira. Ndipo mwana wathu sitingamusiye akuyendayenda m'madzi opanda pogona. Adzativutitsa, nayenso adzavutika."

Amayi ankangopinda nsonga ya chitenje n'kuifunyulula.

"Ndayankhula kale ndi akuluakulu a sosaite ya maliro. Tidikire mpaka Loweruka lomaliza la mwezi uno. Nthochi ili kwanga kuseri kwa nyumba, ndidzabwera nayo."

"Mwamva zoti yamira kwa ndani?" amayi anafunsa motsitsa mawu.

"Za alamu tinamva kwa ndani? Inatiuza ndi paipi."

Amayi sanavomere, koma sanakanenso. Amalume ndiwo mwini mbumba, ndiponso ndi amene anakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka pofuna abambo. Panalibe wowatsutsa pa nkhani ngati imeneyi.

Nkhani inayenda mu Rimuka msanga. Amayi a kutchalitchi anayamba kubwera awiriawiri, kupereka moni wa pansipansi n'kukhala pamphasa osanena kanthu. Kumsika anzawo a amayi anasiya kuwaseka za tomato wawo wamng'onomng'ono. Chimene chinandiopsa koposa chinachitika Lolemba. Ndikuchokera kusukulu ndinapeza mtolo wa nkhuni utatsamizidwa pampanda wathu. Palibe anaitanitsa nkhuni. Wina anangoona kuti posachedwa pakhomo pano pafunika moto waukulu. Ndinaima pamsewu ndi chikwama kumsana, osalowa pageti. M'kabuku tsiku limenelo ndinangolemba kuti, "Abweretsa nkhuni. Mulungu, musalole."

Mawa lake m'kalasi ya jogalafe madamu anapachika mapu a nyanja zikuluzikulu n'kundiuza kuti ndikaloze kumene madzi ofunda amayenda. Ndinafika kutsogolo, ndinakweza rula, ndipo rulayo inagwera pamalo enieni aja pakati pa Mozambiki ndi Madagascar. Ndinayamba kulira pamaso pa kalasi yonse. Anyamata akumbuyo anaseka, madamu n'kuwayang'ana kamodzi kokha, onse zii.

Pa nthawi yopuma anandiitanira ku ofesi. Anali mayi wamfupi wothamanga poyenda, wokonda kunena kuti mapu sanama, amanama ndi owerenga. Ndinawafotokozera zonse m'Chishona, mpaka za nkhuni.

"Sitima ikamira pamakhala phokoso," anatero. "Pali zipangizo zina zimene zimalira zokha zikagwera m'madzi, ndipo nyuzi zimalemba. Wafufuza?"

"Ndafufuza, madamu. Palibe."

"Ndiye usalire kaye. Kachipangizo kolengeza kaja kali ndi batani. Munthu akhoza kukazimitsa."

Zimenezi sindinaziganizirepo. Ndinkayesa kuti kamuvi ndi sitima n'chinthu chimodzi, china chikafa chinzake chafanso.

Tinadikira masiku awiri kuti magetsi abwere masana. Atabwera, madamu anatenga kiyi wa chipinda cha makompyuta n'kutsegula mapu ena amene anthu oyang'anira za usodzi amaika poyera kuti aliyense aone. Analemba dzina la sitima yathu, ndipo njira yonse imene inayenda inaoneka ngati ulusi wopindikapindika. Kenako anayatsa mzere wina woonda wotsatira gombe patali.

"Awa ndi malire. Mkati mwa mzerewu nsomba ndi za dziko ili, ndipo wobwera sangaphe popanda chilolezo. Tayang'ana pamene ulusi wako wathera."

Unathera pa mzere penipeni, ngati wadulidwa ndi lumo. Madamu anayatsa njira za sitima zina. Zinalipo zinanso zimene ulusi wake unadukira pa mzere womwewo, malo osiyanasiyana.

"Zonsezi zinamira pamzere umodzi?" anandifunsa.

Kenako anandifotokozera za setilaiti. Anati kumwamba kuli ina imene sijambula ngati kamera. Imaponya mafunde ake pansi n'kumvetsera amene abwerera, ndipo njira imeneyi amaitcha rada. Madzi amataya mafundewo kutali, ndiye pa chithunzi nyanja imaoneka yakuda. Chitsulo chimawabweza, ndiye sitima imawala ngati njere ya mpunga pa nsalu yakuda. Kaya kuli mitambo, kaya kuli mdima, kaya mwazimitsa chilichonse, chitsulo sichingazimitsidwe. Makompyuta amatenga timadontho timeneti n'kutiyerekeza ndi sitima zimene zikulengeza. Kadontho kakapeza mwini wake kamalandira dzina. Kakapanda kumupeza kamatsala kopanda dzina.

Anasankha masiku a pambuyo pa Lachiwiri lija. Mkati mwa malire munaoneka timadontho tinayi topanda dzina. Kamodzi kanali kumpoto pang'ono kwa pamene ulusi wathu unadukira.

Ndinaimirira, mpando n'kugwa.

"Khala pansi," anatero madamu. "Ndimve bwino. Sindikunena kuti kameneka ndi ka mchimwene wako. Setilaiti siwerenga dzina, ndipo imadutsa pamalo amodzi patapita masiku. Imangotiuza kuti pali chitsulo chotalika mwakuti, ndipo sichikufuna kudziwika. Kutalika kwake kukufanana ndi kwa sitima yanu. Ndi zokhazo zimene tikudziwa."

Kwa ine zinali zambiri. Ndinajambula galasi la kompyuta ndi foni ya amayi katatu, zithunzi ziwiri n'kutuluka zosaoneka bwino.

Amayi atayang'ana anati, "Ine ndikuona madontho basi. Pita ukawaonetse amalume ako. Akakana iwowo, ine ndilibe mawu."

Loweruka m'mawa ndinakwera kombi ya ku Chegutu. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti lifike tsiku limene anaika. Njira yonse ndinkabwereza mumtima zimene ndikanene, koma kondakitala ankakuwa, mayi wa pambali panga anandisenzetsa thumba la anyezi, ndipo pofika ndinali nditaiwala chiyambi.

Ndinawapeza pabwalo atamasula pampu yopopera madzi m'maenje, zitsulo zili mbwee pa saka. Ndinagwada, ndinapereka moni, kenako ndinawapatsa foni.

Anaiyang'ana atatalikitsa dzanja. "Ichi n'chiyani? Wandibweretsera chitowe chomwazika pa mbaula?"

"Ndi sitima, amalume. Zajambulidwa kuchokera kumwamba."

"Kumwamba kwa Mulungu?"

"Kwa setilaiti."

"Muzukuru, sukulu ndi yabwino, koma imakupusitsaninso. Kadontho aka kakhoza kukhala ntchentche imene inatera pa galasi."

Ndinamva misozi ikubwera. Kenako ndinakumbukira kuti pa foni pali mapu ena wamba, a zithunzi za pamtunda. Ndinafufuza Muzvezve, ndinatsatira mtsinje ndi chala, ndinakulitsa. Panaoneka dothi lofiira long'ambika, maenje akuda ali ndondondo, ndi kanthu kabuluu pansi pa mtengo.

"Nanga apa mukupadziwa?"

Anapukuta manja pa ovolosi n'kuyandikitsa nkhope.

"Mtengo uwu ndi mkuyu," anatero. "Ili ndi tenti ya mnzanga uja wa mwendo umodzi waufupi. Ili ndi dzenje limene tinalisiya chaka chatha." Anayang'ana kumwamba, kenako kugeti. "Wajambula ndani zimenezi? Apolisi ali nazo?"

"Aliyense akhoza kuona."

"Tseka, tseka! Iwe mwana, ukufuna kutiphetsa?" Anaseka pang'ono koma maso sanaseke. "Zaka zonsezi ife kumabisala m'tchire ngati mbewa, kumwamba akutiwerenga nthiti. Tabwezera za madzi zija."

Ndinabwezera. Ndinawaonetsa ulusi, pamene unadukira, ndi timadontho topanda dzina.

"Mzere uwu ndi wa chiyani?"

"Ndi malire a madzi a eni ake. Mkatimo saloleza kupha nsomba popanda chilolezo."

"Pali alonda?"

"Akuti alipo, koma nyanja ndi yaikulu."

Amalume anakhala pa chitini cha mafuta. Anatsatira ulusi ndi chikhadabo chakuda mpaka pamzere, n'kuima pomwepo.

"Pa waya," anatero. "Ifenso timazimitsa pa waya."

Sindinamve, ndiye anafotokoza. Anati akamalowa m'malo a mgodi wa munthu wina, onse amaima pa mpanda wa waya n'kuzimitsa mafoni. Palibe amauza ngakhale mkazi wake kumene akupita. Akatuluka ndi miyala yawo, amayatsa pa waya pomwepo ngati palibe chachitika.

"Awa si akufa ayi. Awa ndi makorokoza a m'madzi! Mwana wa achemwali wapita kutali konseko kukagwira ntchito ya amalume ake!" Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo. Inenso ndinaseka, koyamba pa mwezi wathunthu.

Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi. Anatola sipanala n'kuiikanso pansi.

"Muzukuru, pali chinthu chimene amayi ako amadziwa koma iwe sunauzidwe. Tsiku limene dzenje linagwera abambo ako, tinali mkati mwa waya. Makina okumbira analipo pafupi, kwa mwini malo. Tinaopa kumangidwa. Tinakumba tokha ndi mafosholo tsiku lathunthu tisanaitane munthu." Anayang'ana foni ija. "Wozimitsa sakuwa. Chikachitika kanthu mmenemo, mkulu wa sitimayo sadzaitana aliyense."

Pobwerera m'kombi ndinakhala pawindo, koma sindinaone kalikonse panjira. Ndinapita ku Chegutu ndi mantha akuti achimwene anafa. Ndinabwerako ndi mantha akuti ali moyo pakati pa madzi, m'manja mwa munthu amene angasankhe kukhala chete iwo akumira.

Amalume anakauza a sosaite kuti za Loweruka zija zaimitsidwa. Amayi a kutchalitchi anasintha nyimbo. Koma m'nyumba munabwera nkhani ina. Madamu anali atapeza adiresi ya imelo ya anthu othandiza ogwira ntchito m'sitima padoko limene achimwene ananyamukira. Anati anthu amenewo amadziwana ndi oyendera sitima zikafika, ndipo tikawalembera akhoza kukafunsa za munthu wathu. Anandiuzanso mosabisa kuti m'sitima zozimitsa chonchi nthawi zina mkulu wake amasunga mapasipoti a antchito, munthu osatha kuchoka ngakhale afike padoko.

Lamlungu titachoka kutchalitchi amalume anabweranso, ndipo ulendo uno analowa m'nyumba.

"Osalemba," anatero. "Kwathu kumaenje wonenera anzake timamudziwa mathero ake. Kalata imayenda, achemwali. Ikafika m'makutu a mkulu wa sitimayo kuti kwawo kwa mnyamata uyu ndi kumene kwachokera nkhani, pakati pa madzi alipo mboni ndani? Amukankha ndi phazi limodzi. Musiyeni amalize, atuluka yekha pa waya."

"Akapanda kutuluka?" anafunsa amayi.

"Atuluka."

"Tsiku lijanso munati alamu anu muwatulutsa nokha."

Sindinawamvepo amayi akuyankhula choncho kwa amalume. Panja mwana wa aneba ankagubuduza tayala, ndipo tonse tinamvetsera mpaka linakagwa.

"Ine ndinakhala chete nthawi ija chifukwa sindinkadziwa," anatero amayi. "Pano ndikudziwa. Lemba, mwanawe."

"Ndiike dzina lawo?"

Madamu anali atandichenjeza kuti popanda dzina anthuwo sadzadziwa wofunsa, koma dzina likhoza kufika kosayenera. Ndinawauza amayi zonse ziwiri.

"Ika. Ndinamupatsa dzinalo kuti aziitanidwa nalo."

Ndinalemba Lolemba kusukulu, m'Chingerezi changa chabwino koposa, madamu ataima kumbuyo kwanga. Ndinaika dzina la sitima, nambala yake, manambala a tsiku lomaliza ochokera m'kabuku, chithunzi cha timadontho, ndi dzina la achimwene lonse. Chala changa chinakhala pamwamba pa batani mpaka belu linalira. Madamu sanandifulumizitse. Nditadina ndinamva ngati ndaponya mwala m'chitsime muli munthu.

Yankho linabwera patapita masiku anayi, lalifupi. Anati alandira, apereka kwa oyenera, ndipo sangalonjeze kanthu.

Masabata otsatirawo ndi amene sindikonda kuwawerenga m'kabuku. Zilembo zake n'zazing'ono, zopanikizana. Ndinkaona m'maganizo munthu wa nkhope imene sindikuidziwa ataima pamwamba pa sitima ndi pepala m'manja, akuitana dzina limene ndinalemba ine. Mayeso a pakati pa chaka ndinalemba ngati wodwala, ndipo masamu ndinalephera koyamba. Magetsi akabwera ndinkathamangira kwa madamu. Tsiku lina timadontho topanda dzina tinali titatu, tsiku lina tisanu, tsiku lina setilaiti inali isanadutse ndipo panalibe chilichonse. Sindinkadziwa kuti kathu ndi kati, ndiye ndinkatipempherera tonse. Amalume ankaimba foni Lachisanu lililonse n'kufunsa mawu amodzi okha, "Kaya?" Amayi ankayankha kuti, "Kaya," n'kudula.

Lachinayi lina ndikudikira kuti madzi abwere pampopi, ndinatsegula tsamba lakale lija mwa chizolowezi chabe. Kamuvi kachikasu kanalipo. Kanali kunja kwa malire pang'ono, kataloza kummwera. Ndinasiya ndowa pamzere n'kuthamanga mpaka kumsika ndi masilipasi, limodzi n'kuduka panjira.

Amayi anayang'ana, anapukuta galasi ndi chitenje, anayang'ananso. Anzawo anayamba kululutira. Iwo sanalulutire.

"Yabwera sitima," anatero. "Sindinaone munthu."

Tinakatsatira masiku asanu ndi anayi kakutsika m'mphepete mwa dziko. Kanalowa padoko Loweruka n'kuima. Foni tinaitchaja mpaka kudzaza, tinaiika pa tebulo, tinaikweza mawu. Loweruka linatha. Lamlungu amayi anapita nayo kutchalitchi ili m'manja, osaizimitsa ngakhale pa ulaliki. Lolemba sindinapite kusukulu. Ndinkadziwa kuti munthu akafika padoko chinthu choyamba ndi kuimba kwawo, ndipo achimwene sakanadikira masiku atatu. Ndinalemba m'kabuku kuti ndawapha ndi imelo yanga, kenako ndinafuta mpaka pepala kubooka.

Inalira Lachiwiri masana ndikuchapa yunifolomu. Nambala inali yachilendo, yakunja. Amayi anali kuseri akuyanika matemba. Ndinayankha ndi manja a thovu.

"Profesa?"

Mawu anali osasa ngati a munthu wachikulire. Ndinakhala pansi m'madzi a sopo amene anatayika.

"Achimwene! Muli kuti? Muli bwino?"

"Ndili kwa anthu ena ake a padoko, atipatsa pogona. Foni yanga inatsala kwa mkulu wa sitima, iyi ndabwereka. Tamvera. Titangoima analowa anthu a yunifolomu ndi pepala. Anaitana dzina langa, lonse, mpaka la agogo, pamaso pa aliyense. Ine ndinati basi ndamangidwa. Anakatenga mapasipoti athu m'chipinda cha mkuluyo, natitsitsa anthu asanu ndi mmodzi. Masiku onsewa amatifunsa mafunso. Dzina langa analitenga kuti?"

"Ndinalemba ndine. Amayi anati ndilembe."



"Iwe," anatero. "Ukudziwa kuti pepala limenelo likanamufika tili pakati, bwenzi ukuyankhula ndi ndani pano?"

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. Tinali ndi mnzathu wina wa kudziko lina, tinkagona bedi lapamwamba ndi lapansi. Chingwe cha mbedza chinamukola mwendo n'kumukokera m'madzi, dzuwa likuswa mtengo, tonse tikuona. Tinakuwa. Sitima sinabwerere, ndipo wailesi sanaigwire n'komwe, chifukwa tinali kumene sitinayenera kukhala. Ine ndinagwira chingwecho." Anapuma. "Zala ziwiri za kumanzere zinapita nacho. Amayi usawauze kaye, ndidzawaonetsa ndekha."

Koma amayi anali ataima kale pakhomo la khitchini, dengu lili m'manja. Ndinawapatsa foni. Sanalire. Anafunsa ngati adya, anafunsa ngati ali ndi juzi, kenako anati, "Ubwere kuno. Usadutsirenso kwina." Anamvetsera pang'ono n'kunenanso kuti, "Ndati ubwere."

Anafika patatha masabata awiri, pa basi yochokera ku Harare. Ndinapita ndekha kukawachingamira pa siteji ya pamsewu waukulu, chifukwa amayi anati miyendo yawo siwafikitsa. Anthu anatsika ambiri. Ndinamudutsa mwamuna wina wakuda bii, wowonda, wa ndevu, dzanja lili m'thumba la jekete, ndikuyang'anabe pakhomo la basi.

"Profesa, magalasi ukufunika tsopano?"

Ndinawakumbatira ndipo ndinamva mafupa a msana kudutsa jekete. Ankanunkha mafuta a injini ndi sopo wachilendo. Katundu wawo yense anali kachikwama kamodzi, ndipo ndinakanyamula ine.

Sanafune kukwera kombi ya ku Rimuka. Anati akufuna kuponda pansi. Tinayamba kuyenda, koma ankayenda motangadza miyendo, akupendekera uku ndi uku ngati munthu wochokera kumowa, mpaka amayi ena ogulitsa chimanga chootcha anatiyang'ana n'kugwedeza mutu.

"Nthaka yanuyi ikugwedezeka," anatero. "Akuti zimatha pakapita masiku."

Anaika dzanja lamanja paphewa langa, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba.